Tsiku limene Hillechien anatseka makatani

Hillechien Doornbos ndinamudziwa tili ana, iye mano awiri ali panja ngati a mbewa, ine mamina ali mbwee. Sukulu tinayamba tsiku limodzi. Iye anapitirira nayo, ine aphunzitsi anaona kuti ndikungotha benchi, ndiye ndinapita kukanyamula mitolo ya mapesi a tirigu ku fakitale ya makatoni. Lero fakitale inagwa, aphunzitsi ali kumanda, koma ine ndi Hillie, paja ndi mmene timamutchulira, tikadali mumsewu womwewu wa m'mbali mwa ngalande kuno ku Groningen. Nyumba yake ndi yanga zinagawana khoma limodzi. Akayetsemula, ine ndimayankha.

Moyo wake wonse Hillie anaphikira nkhalamba kunyumba yosungirako okalamba, mpaka naye anakalamba n'kumuuza kuti akapume. Ndi kamayi kakafupi, kouma, kosaseka wamba. Mbatata amawerenga asanaike m'poto, ndipo ukafika nthawi ya chakudya osaitanidwa amakupatsa mpando ndi nyuzipepala. Kutchalitchi ali ndi malo ake, mlendo akawakhalira mosadziwa amangomva kumsana kukutentha. Koma chimene ankanyada nacho kuposa zonse ndi zenera la pabalaza pake. Zenera lalikulu, loyang'ana kumsewu, lotsukidwa Lachisanu lililonse kaya kuli mvula kaya madzi aundana. Kuno munthu wosabisa kanthu satseka makatani. Ukamadutsa umaona zonse: wotchi ya pakhoma, mphika wa maluwa, mapazi a mwamuna wake Eltjo ali pa kampando, sokosi imodzi yobooka. Makatani a Hillie anapachikidwa chaka cha ukwati wawo, ndipo chipachikireni anangoima m'mbali ngati asilikali. Masana makatani amatsekedwa pa chifukwa chimodzi chokha, m'nyumba mukagwa maliro. Khomo lakumaso nalonso chimodzimodzi, limatsegulidwa pa ukwati ndi pa zovuta. Masiku ena onse munthu umazungulira kuseri, n'kufuula kuti "Alipo?" uli kale m'khitchini.

Eltjo anali chimunthu, mimba patsogolo, woseka ndi thupi lonse. Mmene anakwatirana awiriwa palibe amamvetsa mpaka lero. Iye ankati Hillie ndiye anamufunsira, Hillie ankati anangomumvera chisoni chifukwa cha kolala yakuda. Anagwira ntchito pa chombo chokumba matope m'ngalande, ndipo m'bandi ya m'mudzi ankaimba lipenga lalikulu lija lolira ngati ng'ombe yamphongo. Matopewo ndi amene anamudya msana. Atapuma pantchito ululu unatsikira m'miyendo, tulo tinathawa. Mapiritsi a kuchipatala ankamusandutsa nkhuku yonyowa. Akasiya kumwa ankangoyenda m'nyumba, khoma ili kufika khoma ilo, ndodo ikugogoda pansi, ine ndikumva kuseri kuno.

Mwana wawo wamkazi wa mutauni ndi amene anabweretsa timbewu m'kapepala.

"Ine?" anatero Hillie. "Ine wa kwaya ya amayi, ndilime chamba? Ndinakulera ndi chiyani iwe?"

Sabata isanathe anali atadzala kale, kuseri kwa nyemba zoyanga, mitengo isanu ndendende, poti ikapitirira pamenepo nkhani imakula ndi apolisi. Eltjo sankasuta, ati mapapo ndi a lipenga. Hillie ankachisungunulira mu batala n'kumupakira pa buledi madzulo. Koma chaka choyambacho anapupuluma. Anaumitsa mu uvuni ngati mabisiketi, chinatuluka chonunkha udzu wopserera, chopanda mphamvu, ndipo Khirisimasi isanafike chinali chitatha psiti. Nyengo yachisanu yonse ndodo inagogoda. Tsiku lina Hillie anandipeza pa mpanda, maso ali pansi.

"Sibolt, chaka chamawa munthu uyu agona. Ndiumitsa pang'onopang'ono, mumdima, mmene zimayenera. Ndikalephera unditchule dzina lina."

"Ndili nawo kale maina atatu okudikira," ndinatero.

Chaka chachiwiricho dzuwa linatikomera mtima. Mitengo inakula mpaka kusuzumira pa mpanda, mitu yake yonenepa, yomata ngati ulimbo. Amene tinkadziwa ndi ine ndi mphaka wanga basi, poti kuseri kwa madimba athu kuli minda ya mbatata yokhayokha mpaka kumene maso alekezera. Mphakayo ankangogona chagada pansi pa mpanda. Ndinamumvapo Hillie akuiimbira mitengoyo nyimbo ya Pasaka pothirira, ndipo nditamuyankha ndi besi anandiponyera madzi otsala m'kheni.

Ndiye unafika Okutobala, ndi chifunga chake cha kunyanja. Hillie ankafuna mitu idikire pang'ono kuti ikhwime bwino. M'mawa wina ndikudya buledi wanga mwamtendere, chitseko chakuseri chinangoti gubudu!

"Sibolt, siya kutafuna. Chuku!"

"Mu buledi wangayu? Ndingopala."

"M'mitu ya chamba, chitsiru iwe! Umodzi ndaupeza waola mkati. Ndipo wailesi yati madzulo ano kukubwera chimphepo ndi mvula ya sabata yonse. Zikagona panja lero, mawa ndi manyowa. Tenga sizasi."

"Sizasi yanga ndi yowengera zikhadabo za kumapazi."

"Itsuke."

Anthu amaganiza kuti kukolola chamba ndi kudula n'kumapita. Kudulako ndi kwa mwana. Ntchito ili pa kumeta timasamba tonse tozungulira mutu uliwonse, n'kusuzumira mkati ngati mulibe chuku, poti mutu umodzi woola ukaupachika pakati pa inzake umapatsira yonse. Tinakhala m'khitchini mwa Hillie anthu atatu. Zala zanga zinapindika kalekale ngati mizu, sizasi nayo inkamata, ukatseka osatsegukanso. Eltjo, poti sangaime nthawi yaitali, tinamukhazika pampando ndi nthambi yake, ndipo mutu umodzi ankautembenuza uku ndi uku, kuudula katsamba kamodzi, n'kuuyang'ananso.

"Ukumeta kapena ukufunsira mbeta?" Hillie anamufunsa.

"Ndikuchita mwaulemu, mayi. Ameneyu ndigona naye chaka chonse."

"Ukapitiriza chonchi ugona ndi ndodo yako."

Pofika masana tinali titamaliza mtengo umodzi wokha. Inayi ili chiimire panja, ikugwedezeka ndi kamphepo. Kenako panabuka funso la poyanika. Shedi ya kuseri imadontha. Chipinda cha m'denga chili ndi chinyezi, chifukwa Eltjo analonjeza kukonza matailosi chaka chimene mwana wawo anabadwa. Malo ouma m'nyumba monse anali amodzi, pabalaza.

Hillie anaima pakhomo la pabalazapo manja ali m'chiuno, akupuma ngati munthu wofuna kudumpha ngalande. Kenako anakankhira mipando ya alendo kukhoma, n'kumanga zingwe zoyanikira zovala kuchokera pa msomali wa wotchi kufika pa kabati ya mbale za ukwati. Tinapachika nthambi mitu ili pansi. Kuwala kwa pazenera kunagwera pa izo.

"Mdima," anatero Hillie. "Pakufunika mdima."

Anagwira katani n'kukoka. Timphete take tinalira kwii! fumbi la ukwati wonse n'kumugwera kumaso. Anakokanso linzake.

Changu chimaiwalitsa munthu ngakhale dzina la amake. Mayi amene amadziwa mwambo uliwonse wa msewu uno sanaganize n'komwe. Ine ndinaganiza. Ndinatsegula pakamwa, kenako ndinati ayi Sibolt, wakalamba, zosangalatsa zatsala zochepa, tseka.

Sipanapite nthawi, belu la khomo lakumaso linalira. Tonse tinayang'anana, poti belu limenelo tinali titaiwala kaliridwe kake. Hillie anakatsegula pang'ono, maso ali psuu ndi fumbi lija, misozi ikutsika. Panja panali Swaantje Huizenga wa nyumba yoyang'anizana nafe, amene anameta mitu ya mudzi wonse kwa zaka zambiri ndipo nkhani amaimwaza msanga kuposa wailesi. Anali atavala chikhoti chakuda, m'manja ali ndi keke ya zonunkhira ija timadya pa maliro.

"Hillie, m'bale wanga," anamukumbatira. "Usalankhule. Ndaona makatani. Wapuma, wavutika mokwanira munthu uja."

Apa m'pamene Hillie anakumbuka. Ndinaona khosi lake likufiira kuyambira kumbuyo. Anene chiyani? Kuti ayi Swaantje, pabalaza pali chamba? Kwa Swaantje? Anangoti, "Ubwere nthawi ina," n'kutseka chitseko. Mawu amenewo akachokera kwa munthu wamaso ofiira, umboni wina ngwachiyani.

M'khitchini Eltjo anali akugwedezeka pampando, wagwira pamimba.

"Ndafa? Sibolt, ndafa liti? Bwanji simunandiuze ndikasambe?"

"Khala chete, nkhalamba iwe!"

"Chabwino mayi, maliro salankhula. Koma keke ija bwanji sunalandire? Ndi yanga ine."

"Meta!"

Tinameta. Koma msewu wathu uli ndi lamulo lake. Pakagwa zovuta aneba ndi amene amatenga nyumba. Amayi amalanda khitchini, abambo amagawana mbali za bokosi, wamasiye amangokhala pampando osakhudza ngakhale supuni. Ndinakasuzumira pa kampata ka katani. Ku holo ya bandi mbendera inali itatsitsidwa kale pakati pa mtengo. Fokko, wotsogolera bandi, anali kubwera mu suti yake yakuda imene inasiya kumukwana kalekale, pambuyo pake amuna asanu, zipewa m'manja. Abusa, mayi wamtali wosathamanga, anali kuimika njinga pa mlatho. Swaantje anali patsogolo pa onse ndi amayi ena, aliyense ndi mbale yovindikira. Kumwamba cha kunyanja kunali bii.

"Ndi angati?" Eltjo ananong'ona.

"Ochuluka kuposa amene amabwera ukamaimba."

Belu linaliranso.

Hillie anaima m'kanjira ka pakati pa nyumba, khomo lakumaso uku, lakuseri uku. Pa galasi la lakuserilo mitengo inayi ija inkaoneka ikuweramira pansi n'kudzukanso. Akati Eltjo akhalebe wakufa mpaka madzulo, anthuwo sachoka pakhomo, ndipo wamasiye sangaoneke m'dimba ndi sowo. Akati atsegule, dzina limene analitsuka zaka zonse ngati zenera lija lithera pomwepo. Panja tinkamva Fokko akuuza anzake motsitsa mawu.

"Anali munthu wabwino. Lipenga lokha ankalowa mochedwa, nyimbo iliyonse. Koma wabwino."

Eltjo anagwira ndodo kuti adzuke, ndinamukanikiza paphewa.

Dontho loyamba linamenya galasi. Hillie anapukuta manja pa epuloni n'kutsegula khomo lonse.

"Mwabwera kudzathandiza?"

"Ndi udindo wathu, Hillie," anatero Fokko. "Chilichonse."

"Chilichonse?"

"Ungotchula."

"Vulani makhoti onyowawo, musandilowetsere chinyezi."

Anavula. Abusa anafunsa mofatsa ngati angamuone malemuyo. Hillie anatsegula chitseko cha pabalaza. Analowa mumdimamo mwakachetechete, mitu yowerama, ndipo Fokko, poti ndi wamtali, nthambi inamukwapula pamphumi. Anakweza maso. Onse anakweza maso. Mphuno zokha zinkagwira ntchito.

"Fokko!" mawu anachokera kukhitchini. "Limene limalowa mochedwa ndi dzanja lakolo! Bwera unene pamaso panga!"

Swaantje anakhala pansi pomwepo, keke ili pamiyendo. Mmodzi wa onyamula bokosi tinakamubweza atafika kale pa mlatho, wopanda chipewa.

Hillie sanaseke. "Munthu wanga sagona," anatero. "Inu mumamuona pazenera atakhala, simumuona akamayenda mpaka kucha. Chimene chimamugonetsa ndi ichi. Ndalima ndine, ndi manja omwe ndimagwirira buku la nyimbo. Mitengo inayi ikadali panja, ndipo mvula ndi iyo. Amene akufuna kukandinena apite, khomo waliona. Amene wabwera kudzathandiza, masizasi ali m'dirowa."

Abusa anayang'ana kudenga ngati akufunsa ku likulu. Koma woyamba kulankhula anali Swaantje, akudzuka ndi mkwiyo.

"Misozi yanga, Hillie! Ndalira msewu wonse, anthu akundiona, chifukwa cha chimimba cha lipenga ichi!" Kenako anagwira nthambi imodzi n'kuitembenuza. "Wameta ndani apa?"

"Sibolt," anatero Hillie.

"Ndinadziwa. Ngati yadyedwa ndi mbuzi. Pasapezeke wokhudzanso, ndikukatenga masizasi anga enieni."

Amuna aja anatuluka ndi masuti awo, Fokko akudula patsinde ndi sowo. Koma poti anali atakonzekera maliro, mtengo woyamba anaunyamula paphewa, atatu uku atatu uku, n'kumayenda pang'onopang'ono ndi phazi limodzi, nkhope zili ndwii. Eltjo anali pazenera la khitchini akuwaimbira ndi pakamwa, pom, pom, pom.

"Thamangani!" Hillie anakuwa. "Zimenezo mudzachite podzanyamula mwiniwakeyo!"

Khitchini inadzaza mpaka ena anakhala pa masitepe. Swaantje ankazungulira kumbuyo kwa anthu, kumenya zala za aliyense wodula molakwika, ine kawiri pa mutu umodzi. Abusa anadzipatsa okha ntchito yosuzumira chuku, ati anazolowera kufufuza choola mkati mwa chooneka bwino. Kaya ndi fungo, kaya ndi chimwemwe choti munthu wauka, palibe amene ankamaliza mawu osaseka. Zala zomata zinkanyamula kapu ya khofi pamodzi ndi kambale kake. Bambo wina anakanda ndevu, katsamba n'kukhala pomwepo mpaka anafika nako kwawo. Eltjo anadya keke ya maliro ake zidutswa zitatu, n'kumafunsa aliyense kuti akananena chiyani kumanda.

"Iwe Swaantje, ukanati chiyani?"

"Ndikanati dzenje likhale lalikulu."

"Nanga inu abusa?"

"Ulaliki ndinaukonza panjinga, bambo Doornbos. Ndiusunga. Ndingochotsamo pamene ndinati munali munthu wachete."

Fokko anakana kubweza mawu ake. Anati munthu amene wachedwa ngakhale pa maliro ake omwe asatsutse.

Chimphepo chinafika mtengo womaliza usanalowe. Chinauthyola pakati n'kuugwetsera m'matope, Hillie n'kupulumutsako nthambi ziwiri zam'mwamba zokha. Anaima pamvula akuuyang'ana, tsitsi litamata kumaso, kenako anati, "Inayi ikwana," n'kulowa.

Mbendera ija anaiwala kuikweza. M'mawa mwake Eltjo anavala malaya oyera n'kudziguza ndi ndodo mpaka kogula buledi, dala, ndipo mayi wogulitsa anagwetsa thireyi yonse.

Makatani anakhala otseka mpaka tinthambi tinayamba kuthyoka kuti thyo! m'malo mopindika. Masiku onsewo Hillie sanalole munthu kuyatsa mbaula pabalaza kapena kulowapo ndi nsapato zonyowa. Eltjo anapempha kangapo kuti kamutu kamodzi kokha kalowe mu uvuni, yankho linali chipande pamutu. Kenako Hillie anatsuka mabotolo ake a pakamwa papakulu osungira nyemba, n'kulongedzamo mitu mosapanikiza, n'kuwaika m'kabati ya pansi pa masitepe. M'mawa uliwonse ankawatsegula kuti apume, ngati munthu wotsegulira nkhuku, n'kuwanunkhiza limodzilimodzi. Lina linamveka chinyezi, anakhuthula n'kuyanikanso. Fungo la udzu linachoka pang'onopang'ono, kunabwera lina lokoma, lolemera.

Nyengo yachisanu imeneyo ndodo sinagogode. Kunabwera mkonono, wodutsa khoma, wogwedeza makapu anga pa shelefu. Amene anasiya kugona ndine. Ndinakadandaula kwa Hillie, anandipatsa thonje.

Kukwaya amayi awiri anasiya kumulankhula, mpaka mmodzi bondo litayamba kumuvuta. Winayo mpaka lero amaoloka msewu akamuona, ndipo Hillie amamupatsa moni mokweza. Kuyambira chaka chimenecho, Okutobala aliyense makatani akatsekedwa kwa a Doornbos, msewu wonse unkazungulira kuseri ndi masizasi.

Eltjo anagona bwino zaka zingapo. Anatisiya mu Okutobala, munthu wosadziwa kusankha mwezi. Hillie anatseka makatani. Woyamba kufika anali Swaantje, wodzera kuseri, epuloni m'chiuno, sizasi m'manja, akulalata.

"Chaka chino mwafulumira bwanji osatiuza? Nkhalamba ija ili kuti, ikudziyesanso yakufa?"

Hillie anamuyang'ana. Kenako anaseka, kuseka kolira, mpaka Swaantje anamvetsa, sizasi n'kugwa pansi. Anagwirana pakati pa khitchini nthawi yaitali.

Koma mitengo inali panja, ndipo mvula siidziwa maliro. Bondo la mayi wa kwaya uja ndi phewa la Fokko zinali zikudikira botolo lawo. Tinakolola tsiku lomwelo, molamulidwa ndi wamasiye amene anakana kukhala pampando. Pabalaza pake panali mwiniwake ali m'bokosi, ndiye zingwe tinamanga pabalaza panga. Ndinatseka makatani anga masanasana, msewu wonse ukuona, n'kukhala pampando kudikira. Ndinapesa ndi tsitsi lomwe. Palibe anaimba belu. Ngakhale kachidutswa ka keke, anthu a msewu uno.